Womasulira ndi mlendo: za kusamutsa kompyuta kupita ku purosesa ya mtundu wina



Mu Juni 2025 kampani ya Apple inalengeza kuti macOS Tahoe ndiyo yomaliza kuyenda pa makompyuta ake okhala ndi purosesa ya Intel. Pa 9 Ogasiti chaka chomwecho, Debian 13 inatuluka yopanda njira yoiikira pa makompyuta akale a 32-bit a banja la Intel, aja amisiri amawatcha i386. Pa 14 Okutobala Microsoft nayo inatseka nyengo yosamalira Windows 10 mwachizolowezi, ndipo Windows 11 imene inalowa m'malo mwake ilibe mtundu wa 32-bit. Nkhani zitatuzi zinadutsa ngati za amisiri okhaokha, komatu muzu wake ndi umodzi, ndipo mthunzi wake ukugwera aliyense amene anasungitsa ntchito yake mu kompyuta. Ganizo langa ndi lakuti pa msamuko wotere chimapulumuka ndi chokhacho chimene zolemba zake zoyambirira zili poyera ndipo chili ndi munthu wochisamalira. China chilichonse chimangobwereka masiku. Tsono wanzeru asunge ntchito yake mwa njira yosadalira purosesa imodzi kapena kampani imodzi, ndipo achite zimenezi makina akadali amoyo.

Tiyambe tamvana za chimene chimasamuka. Purosesa ndi kachipangizo kamene kamachita malamulo onse mkati mwa kompyuta: onkhetsa apa, sunga apo, yerekeza manambala awiriwa, lumphira pa lamulo lakutilakuti. Banja lililonse la mapurosesa lili ndi mndandanda wake wa malamulo, wolembedwa m'manambala akeake. Intel ndi AMD ndi a banja la x86. Pafupifupi foni iliyonse yamakono imene ili m'matumba mwathu ndi ya banja la ARM, limene linabadwira ku kampani ya Acorn ku Cambridge mu 1985. Palinso PowerPC, RISC-V ndi ena. Wolemba pulogalamu amalemba m'chinenero choti munthu angathe kuwerenga, monga C, ndipo zolemba zoyambirirazo amisiri amazitcha source code. Kenaka pulogalamu ina yotchedwa compiler imazisandutsa manambala a banja limodzi la purosesa. Mukagula pulogalamu ya kampani, chimene mwalandira ndi chomasuliridwa kale; zolemba zoyambirira zimatsala m'kabati mwa mwini wake.

Ife a maphunziro a zinenero tiyenera kusamala ndi fanizo la chinenero pano, chifukwa lili ndi malire. Mchewa wa ku Dedza ndi Mnsenga wa ku Petauke akakumana pa msika amamvana ndithu, ngakhale mawu ena awapite. Mapurosesa alibe kumvana kwa theka. Pulogalamu ya x86 ikaperekedwa kwa purosesa ya ARM siyamba n'komwe. Ndipo pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, imene amaitcha operating system, ndiyo yovuta kuposa zonse kuisamutsa, popeza ndiyo imakhudza zitsulo zenizeni: imadzutsa makina, imagawa memory, imamva batani likadinidwa, imalankhula ndi purinta ndi kamera. Zimenezi banja lililonse limazichita mwa mwambo wake.

Kale operating system inkabadwa ndi makina ake n'kufera nawo limodzi. Unix yoyamba, ya mu 1969 ku Bell Labs, inalembedwa m'malamulo a makina a PDP-7. Chimene chinasintha mbiri ndi chakuti mu 1973 Ken Thompson ndi Dennis Ritchie analembanso mtima wake m'chinenero cha C. Mu 1977, ku yunivesite ya Wollongong ku Australia, Richard Miller anatha kuisamutsira pa makina a Interdata 7/32, amene eni Unix sanawaganizire poilemba. Anatha chifukwa zolemba zoyambirira anali nazo m'manja. Linux nayo, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, inalembedwera purosesa ya Intel 386 yokha, ndipo mwini wakeyo sankayembekezera kuti ingadzayende kwina. Pofika 1995 inali itayamba kale kuyenda pa Alpha, ndipo lero ili m'foni iliyonse ya Android. Apanso chinsinsi chinali chomwecho: aliyense wodziwa ankaloledwa kutenga zolembazo n'kuzimasulira mwatsopano.

Ngakhale zolemba zikhalepo, msamuko umavumbula zizolowezi zimene wolemba sankadziwa kuti ali nazo. Chitsanzo chodziwika ndi dongosolo la manambala. Nambala yaikulu imasungidwa m'zidutswa zotchedwa byte, ndipo mabanja a mapurosesa anasiyana pa funso la chidutswa choyamba. PowerPC ya m'makompyuta a Mac inkayamba ndi chidutswa chachikulu, pamene Intel imayamba ndi chaching'ono. Zidutswa ziwiri zokhala ndi 1 ndi 2 zimawerengedwa 258 kwa woyambayo, koma 513 kwa wachiwiriyo. Zili ngati deti lolembedwa 03/04, limene ku London ndi pa 3 Epulo pamene ku New York ndi pa 4 Malichi. Danny Cohen mu 1980 anapatsa magulu awiriwa maina akuti big-endian ndi little-endian, pobwereka nthano ya Jonathan Swift ya anthu amene anamenyana nkhondo pa funso la mbali yoswera dzira. Pulogalamu imene inangokhuthulira manambala ake mu fayilo monga analili mu memory imasiya fayilo imene makina a banja lina angaiwerenge molakwa popanda kudandaula konse. Vuto loterolo ndi loopsa kuposa kompyuta yokana kuyaka, chifukwa siliitana munthu.

Tsono kampani ikafuna kusamuka imakhala ndi njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kupempha olemba mapulogalamu onse kuti amasulirenso ntchito zawo. Yachiwiri ndiyo kuika womasulira pakati, pulogalamu imene imatenga malamulo a purosesa yakale n'kuwasandutsa a yatsopano. Mbiri ikuonetsa kuti wonyoza njira yachiwiriyi amagwa. Intel inatulutsa Itanium mu 2001 ili ndi chiyembekezo choti idzalowa m'malo mwa x86, koma mapulogalamu akale ankayenda pa iyo mwaulesi. Mu 2003 AMD inabwera ndi njira ina, yokulitsa x86 yomweyo kuti ifike pa 64-bit uku ikumvabe malamulo akale onse. Anthu anatsata AMD, Intel yomwe inatengera njirayo mu 2004, ndipo Itanium inazilala mpaka Linux inaichotsa mu 2024. Microsoft inagulitsa Surface RT mu 2012 yokhala ndi Windows ya ARM imene sinkatha kuyendetsa mapulogalamu a Windows amene anthu anali nawo kale. Mu Julayi 2013 inavomera kuti yataya pafupifupi madola 900 miliyoni pa makinawo. Itabwereranso ku ARM mu 2017 inabwera ndi womasulira. Munthu sagula kompyuta chifukwa chokonda purosesa. Amaigula kuti atsegule zimene analemba dzulo.

Apple ndiyo katswiri wa misamuko imeneyi, popeza yasamuka katatu. Mu 1994 inachoka ku banja la Motorola 68000 kupita ku PowerPC. Mu Juni 2005 Steve Jobs analengeza zopita ku Intel, naulula kuti Mac OS X inakhala ikumasuliridwa mobisa m'mabanja onse awiri kwa zaka zisanu. Mu Juni 2020 Tim Cook analengeza zopita ku mapurosesa a Apple yomwe, a banja la ARM; M1 inatuluka mu Novembala chaka chomwecho ndipo msamuko unatha mu Juni 2023. Pa ulendo wachiwiri womasulira anapatsidwa dzina la Rosetta, pa wachitatu Rosetta 2. Dzinali n'lochokera ku mwala uja unapezeka ku Egypt mu 1799, wolembedwa lamulo limodzi la mfumu m'malembedwe atatu, umene unathandiza Champollion kuwerenga zilembo zakale za Aigupto mu 1822. Ndiyenera kuvomereza kuti luso la Rosetta 2 ndi logometsa. Imamasulira mbali yaikulu ya pulogalamu isanayambe kugwira ntchito n'kusunga zomasulirazo, ndipo purosesa ya M1 inapangidwa dala kuti izitha kutsata mwambo wa Intel wa kalembedwe ka mu memory. Ogula ambiri sanazindikire n'komwe kuti pakati pawo ndi makina pali womasulira.

Koma akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mwala wa Rosetta ukadalipo patapita zaka zoposa 2,000. Rosetta ya Apple inakhala zaka zisanu ndi theka zokha. Inabwera mu Januwale 2006, ndipo Mac OS X Lion itatuluka mu Julayi 2011 inali itachotsedwa. Aliyense amene anaika Lion akudalirabe Microsoft Office 2004, AppleWorks kapena Quicken 2007 anapeza kuti pulogalamu yake yasanduka mwala. A Office anagula yatsopano. A Quicken anadikira mpaka 2012 kuti eni ake atulutse yoyenda pa Lion. AppleWorks, imene Apple yomwe inali itaisiya kale, sinabwererenso. Nanga timapulogalamu tating'ono tolembedwa ndi mphunzitsi mmodzi kapena kampani imene inatsekedwa? Timeneto tinapita mwakachetechete, pamodzi ndi mafayilo amene tokha tinkatha kutsegula. Rosetta 2 nayo yapatsidwa kale tsiku: Apple inanena kuti idzakhalapo mokwanira mpaka macOS 27, ndipo pambuyo pake padzatsala kagawo kochepa kothandiza masewera ena akale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Palinso zina zimene womasulira sazikhudza ngakhale akadalipo. Timapulogalamu tolumikiza kompyuta ndi zipangizo zakunja, totchedwa driver, tikakhala togwira ntchito mkati mwa mtima wa operating system sitimasuliridwa, kaya pa Mac kaya pa Windows ya ARM. Sikana yabwinobwino, kapena chipangizo chojambulira mawu chimene chikadatumikira zaka zina khumi, chimatha ntchito chifukwa chakuti wochipanga sanaone phindu polemba driver yatsopano.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatifikira ife. Ambiri mwa ife laputopu timagula yogwiritsidwapo kale ntchito, kapena kulandira kwa m'bale wa ku Johannesburg kapena ku Britain pamene iye wagula ina. Timalowa m'bwalo gule ali pafupi kutha. Kalendala ya msamuko imawerengedwa kuchokera tsiku limene wogula woyamba anatsegula bokosi, ndipo zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri za chisamaliro zimakhala zitadyeka kale makinawo akamafika m'manja mwathu. Mac ya Intel idzatsika mtengo kwambiri m'zaka zikubwerazi, ndipo idzaoneka yokongola pa shelefu ya wogulitsa. Wogula ayenera kudziwa chimene chatsitsa mtengowo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mudzanditsutsa, ndipo zifukwa zanu ndi zomveka. Choyamba mudzati kusamuka n'kofunika, ndipo ndikuvomera ndi mtima wonse. Purosesa ya 32-bit imatha kuloza mwachindunji malo a memory okwana 4 GB okha. Makina ambiri otere amawerenga nthawi ngati masekondi ochokera pa 1 Januwale 1970, ndipo nambala imeneyo idzasefukira pa 19 Januwale 2038. Mapurosesa a ARM amadya magetsi ochepa, ndipo kwa munthu wokhala kumene magetsi amazimazima, kapena wodalira sola, batire lotha tsiku lonse ndi chuma chenicheni. Sindikupempha kuti dziko liime. Walira mvula walira matope. Chimene ndikukana ndi chakuti matopewo azigwera nthawi zonse amene sanafunsidwe.

Chachiwiri mudzati mapulogalamu aulere nawo amataya makina akale, ndipo umboni wake ndi Debian 13 imene ndatchula ndekha. N'zoona. Linux inachotsa purosesa ya 386, makolo ake enieni, mu 2013. Anthu odzipereka sangasamalire makina amene iwo eni alibenso. Komabe kusiyana kulipo, ndipo n'kwakukulu. Debian ikasiya banja la purosesa, zolemba zoyambirira zimatsala poyera, ndipo aliyense wofuna angathe kupitiriza. Mawu a ogwiritsa ntchito amamvekanso: mu Juni 2019 Ubuntu inalengeza zosiya mapulogalamu a 32-bit, anthu a Wine ndi Steam anadandaula, ndipo patangopita masiku ochepa inabweza gawo la chiganizocho n'kusunga zofunika. Omasulira aulere monga QEMU, imene Fabrice Bellard anaiyamba mu 2003, sachotsedwa ndi chilengezo cha kampani. LibreOffice mpaka lero imatsegula mafayilo ambiri a AppleWorks amene Apple yomwe inawaiwala. Kampani ikatseka khomo imapita ndi kiyi. Gulu la odzipereka likatopa limasiya kiyi pakhomo.

Chachitatu mudzati masiku ano zonse zili pa intaneti, ndipo msakatuli sasamala za purosesa. Pamenepa pali choonadi, koma ngongole yangosamukira kwina. Zolemba zanu zikakhala pa makompyuta a kampani, m'mpangidwe umene kampaniyo yokha imaudziwa, mwasintha mwini nyumba koma mukadali a lendi. Onjezerani mtengo wa bandulo ndi netiweki yodukaduka, muona kuti yankho limeneli linasokedwera anthu ena.

Phunziro lomveka bwino kwambiri limachokera kwa amisiri amene amasamutsa kompyuta imodzi yomweyo. Mu Debian n'zotheka kuchoka ku 32-bit kupita ku 64-bit popanda kufufuta zonse, ngati purosesayo imamva zonse ziwiri. Munthu amauza makina kuti alandire banja lachiwiri, amaika kernel ya 64-bit, amazimitsa n'kuyatsanso, kenaka amasintha zida zoikira mapulogalamu zomwezo uku akuzigwiritsa ntchito, n'kumasintha mapulogalamu ena onse limodzilimodzi. Kuli ngati kusintha mizati ya nyumba anthu akugonamo, ndipo ambiri amalangiza kungoika mwatsopano. Mu Windows njira yotero kulibe. Kuchoka ku 32-bit kumafuna kuika mwatsopano basi. Koma taonani chimene amisiriwo amachita ndi nkhokwe za deta monga PostgreSQL, zimene mafayilo ake amkati amadalira banja la purosesa. Asanasamuke amakhuthula zonse kukhala mawu wamba owerengeka ndi maso, ndipo akafika tsidya linalo amazilowetsanso. Anthu odziwa makina kuposa tonsefe, ikafika nthawi yowoloka, amadalira mawu olembedwa poyera.

Mawu otere alibe banja. Kalembedwe ka UTF-8, kamene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992, kamaika zilembo m'dongosolo limodzi losasintha, kaya purosesa imayamba ndi chidutswa chachikulu kaya chaching'ono. Chilembo cha ŵ chija cha m'dzina la Malaŵi chikasungidwa motero chimawerengeka chimodzimodzi pa Intel, pa ARM ndi pa RISC-V. Chikasungidwa m'fayilo ya pulogalamu yotsekedwa, moyo wake umakhala wa pulogalamuyo.

Tsono tichitenji? Choyamba, chilichonse chimene simungapirire kuchitaya, kaya ndi pepala la digiri, kaundula wa mpingo, mndandanda wa mawu amene mwakhala mukutola, kapena mawu a agogo amene munajambula, chikhale ndi kope m'mpangidwe wodziwika poyera: zolemba mu UTF-8 kapena ODT, matebulo mu CSV, zomalizidwa mu PDF, mawu ojambulidwa mu WAV. Chitani zimenezi pulogalamu yakale ikadatseguka, chifukwa ndi yokhayo imene ingatulutse zimene inameza. Chachiwiri, musanagule kompyuta funsani za purosesa yake. Makina a Core 2 Duo a mu 2006 ndi ambiri obwera pambuyo pake amamva 64-bit ngakhale atafika ndi Windows ya 32-bit, kotero angathe kupatsidwa moyo wina ndi Linux. A Pentium M, Core Duo ndi timalaputopu toyamba ta Atom N270 ndi a 32-bit okha, ndipo njira yawo yatsala pang'ono kutha. Chachitatu, wogula laputopu ya ARM ayambe wafufuza ngati purinta yake ndi pulogalamu imene amadyera zili ndi mtundu wa ARM, m'malo mokhulupirira kuti womasulira adzakhalapo mpaka kale. Chachinayi, masukulu ndi mabungwe olandira makompyuta a mphatso azifunsa zaka za chisamaliro zimene zatsala, pakuti mphatso ina imakhala katundu amene mwini wake wasowa pomutaya. Ndipo amene akulemba mapulogalamu pakati pathu, kaya ndi kiyibodi, dikishonale kapena chokonzera masipelo, aike zolemba zoyambirira poyera. Wolemba amatopa, amasamuka, amamwalira. Zolembazo zikakhalapo wina adzazimasulira pa purosesa imene lero sinabadwe.

Kwa makampani pempho langa ndi lochepa. Ngati womasulira wakukanikani kumusamalira, m'malo momukwirira mumasuleni kuti ena amusamalire. Ngati pulogalamu mwaisiya, falitsani kamangidwe ka mafayilo ake. Sindikuyembekezera kuti amva, chifukwa msamuko uliwonse umagulitsa makina atsopano. N'chifukwa chake ntchitoyi yatsalira ife eni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Fayilo imene mungaitsegule pa makina alionse ndiyo yanu, inayo mwangoisungiridwa.

Amisiri a makompyuta amene muli m'gulu lino, makamaka amene munasamutsapo makina a ofesi kapena a sukulu, tiuzeni zimene zinawoloka bwino ndi zimene zinatsalira tsidya lija.